Musanagule sola ya ofesi, yambani mwachepetsa malaiti amene makompyuta akudya

Abale anga amene mumagwira nchito m'maofesi a boma kuno ku Eastern Province ya Zambia, kaya ndi ku khonsolo, ku zamaphunziro, pa kiliniki, ku zaulimi kapena kwa a DC, tiyeni tikambirane za malaiti amene makompyuta athu amadya ndi utsi umene timatulutsa kuti makinawa ayake. Ine nchito yanga ndi ya ICT, yosamalira makompyuta ndi netiweki, ndipo dandaulo limene ndimamva ndi limodzi lomwelo kulikonse, dizilo yatha, jenereta yaima, netiweki kulibe, amai mubwere mawa. Amai aja mwina achoka ku Vubwi pa njinga yamoto alipira ndalama ya thumba la mbeu. Ndiye aliyense masiku ano akufuna sola, ndipo sola ndi yabwino sindikana, koma maofesi ambiri akuthamangira ma quotation a mapanelo asanadziwe kuti amadya malaiti ochuluka bwanji, komanso kuti angati mwa malaitiwo amangopita pachabe.

Malaiti ambiri a ZESCO, kampani yathu ya magetsi, amachokera ku madzi, Kariba, Kafue Gorge, Itezhi-Tezhi, ndipo kumeneko utsi ndi wochepa kwambiri. Koma tonse tinaona mu 2024 mvula itakana. A pulezidenti Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anatsika mpaka madera ena malaiti ankapita maola opitilira 20 pa tsiku. Madzi akachepa chonchi dziko limatsamira pa malasha a ku Maamba kuja kuli siteshoni ya 300 MW, ndipo ife m'maofesi timathamangira jenereta. Lita imodzi chabe ya dizilo ikapsa imatulutsa pafupifupi makilo 2.7 a mpweya wa kaboni, womwe uja ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula imene tikulirayo. Ndiye kwa ife kuno utsi wa makompyuta a boma sufunika kuusaka patali, uli kuseri kwa ofesi pamene pakulira jenereta, ndipo chilichonse chimene chichepetsa maola ake kapena katundu amene yasenza ndi chimene tifunika kuchita.

Choyamba ndi kuwerenga, ndipo sichifuna bajeti iliyonse. Ngati muli ndi mita ya prepaid lembani mayunitsi pa Chisanu nthawi yoweruka, 17 hours, mudzalembenso pa Lolemba 8 hours musanayatse kanthu. Apo papita maola 63 mu ofesi mulibe munthu, ndipo mayunitsi amene asowa ndiwo akukuuzani zimene zimagona zoyaka. Masamu ake ndi osavuta, chinthu cha ma watt 100 chikayaka maola 10 chadya yuniti imodzi. Tiyerekeze makompyuta 10 a pa desiki asiyidwa oyaka ndipo iliyonse ikudya ma watt 50 ili chikhalire, pofika Lolemba apita mayunitsi opitilira 30 popanda kalata ngakhale imodzi yolembedwa, ndipo izi ndi weekend imodzi. Kenako tengani kabuku muyende chipinda ndi chipinda, chinthu chilichonse chimene chili pa soketi chili ndi kapepala kumbuyo kapena pa chaja kolemba mphamvu yake, lembani zonse, olo firiji ya mu ofesi ya a bwana.

Mukayenda chonchi mudzapeza chinthu chimene ambiri sachiganizira, ketulo ndi hita. Ketulo imodzi imakoka ma watt pafupifupi 2000, mofanana ndi makompyuta 20 akugwira nchito nthawi imodzi. Mu June kukazizira hita pansi pa desiki lililonse, ndiye jenereta ikazima anthu amati makompyuta achuluka. Tiyi ndi wofunika inde, koma nthawi ya jenereta kapena ya mabatire zinthu zotenthetsa zisalowe pa waya umodzi ndi makompyuta.

Pa makompyuta enieniwo, pitani mu Settings pa Power, sikirini izizima yokha pakapita mphindi 5 osaigwira, kompyuta izigona pakapita mphindi 15 kapena 20. Tizithunzi tija toyendayenda pa sikirini sitipulumutsa malaiti olo pang'ono, kompyuta imakhala ikugwirabe nchito. Pali mawu amene ndimamva kawirikawiri akuti kompyuta ukamaizimitsa tsiku lililonse imafa msanga, abale izi si zoona, chimene chimapha makina athu ndi malaiti akabwerera mwamphamvu usiku pambuyo pa load shedding zonse zili pa soketi. Choncho poweruka zimitsani bwinobwino ndi shut down, kenako zimitsani pa khoma. Apa pafunika kusamala chifukwa zilipo zosayenera kuzima, seva (kompyuta yosunga mafaelo ndi ma system a ofesi yonse), rauta ya intaneti imene ikutumiza malipoti, makina a SmartCare osunga mbiri ya odwala pa kiliniki imene imagwira usiku, firiji ya katemera. Zimenezi matani tepi yofiira pa pulagi kuti aliyense adziwe kuti apa osagwira. Ndipo nchito yozimitsa ipatsidwe kwa munthu wodziwika, kawirikawiri amene amatseka zitseko, a office orderly kapena alonda, muwaonetse bwinobwino ndi ulemu osati kungomata notice pa khoma imene palibe aiwerenga.

Mapurinta sindikhalitsapo. A laser amatenthetsa mkati kuti inki ya ufa imatike pa pepala, ndiye amakoka mphamvu yambiri, musawalumikize ku UPS (kabokosi ka batire kothandiza kompyuta kuti isazime malaiti akapita) ndipo imodzi yabwino pa netiweki imakwanira kolido yonse.

Pamene mtima wanga umawawa kwambiri ndi ku chipinda cha seva. Ukalowa umapeza eyakoni ili pa 16, ikulira usana ndi usiku, chitseko chili chotsegula, zenera galasi linasweka kalekale, makatoni a mafaelo aunjikidwa kutsogolo kwa seva mpaka mphepo ilibe podutsa. Akatswiri a zoziziritsa zipinda za makina a bungwe la ASHRAE amalangiza kuti mphepo yolowa mu seva ikhale pakati pa madigiri 18 ndi 27, ndiye kuika pa 24 kapena 25 palibe chimene chionongeka, koma eyakoni imapumako ndipo nthawi zambiri eyakoniyo ndi imene imadya kwambiri m'chipindamo. Tsekani chitseko, matani zenera, chotsani makatoni. Mphepo ya August ndi September imabwera ndi fumbi lambiri ndipo fumbilo likatseka sefa ya eyakoni ndi mafani a seva zonse zimagwira nchito movutikira, ndiye tsukani sefa mwezi uliwonse nthawi ya chilimwe. Anzathu a ku chigwa, Mambwe ndi mbali za Nyimba, kumene October amatentha zoopsa, inu musazimitse eyakoni, koma ikani kachoyezera kutentha pa khoma muziona nambala m'malo mongoganizira.

M'chipinda chomwecho funsani funso ili pa bokosi lililonse limene likuphethira magetsi obiriwira, kodi ili likugwira nchito yanji? Ma system ambiri a boma tsopano timawapeza pa intaneti, bungwe la boma la Smart Zambia likusonkhanitsa nchito za boma pa webusaiti ya ZamPortal, lamulo la Electronic Government Act linabwera mu 2021, ndipo ku Lusaka kuli data centre ya dziko, nyumba yosungira ma seva, imene amayendetsa a kampani ya Infratel. Ndiye zimatheka kuti seva ina ya pulojekiti imene inatha zaka zapitazo ikadali yoyaka chifukwa aliyense akuopa kuizimitsa. Musaizimitse mwa inu nokha, lembani kwa a ICT a ku province kapena ku likulu la unduna wanu, atenge backup, atsimikize, kenako izime. Ma seva awiri kapena atatu amene aliyense akugwira kanchito kochepa angathenso kuphatikizidwa mu imodzi, a ICT amadziwa kachitidwe kake.

Mukachita zonsezi ndi pamene nkhani ya sola imayamba kukoma. Jenereta yaikulu kuyatsira malaputopu anayi ndi rauta zili ngati kumanga ng'ombe zinayi pa ngolo kuti zikoke thumba limodzi la chimanga, dizilo imapita yambiri ndipo injini ya dizilo ikamayenda nthawi yaitali ndi katundu wochepa imadzaza mwaye mkati nkuyamba kuvuta. Koma ngati kabuku kanu kaonetsa kuti zofunika zenizeni ndi rauta, malaputopu, seva imodzi ndi mababu a LED, inveta yaing'ono ndi batire ndi mapanelo ochepa zinyamula ofesi tsiku lonse, jenereta nkutsala ya nthawi ya mavuto. Wogulitsa mukamupatsa nambala zanu zenizeni sangakugulitseni chinthu chachikulu kuposa chimene mufuna. Mapanelo ayang'ane kumpoto, pasakhale mthunzi wa mtengo wa mango, ndipo wina azikwera kukawapukuta fumbi ndi madzi m'mawa kusanatenthe. Mabatire akhale pamalo pozizira podutsa mphepo, kutentha kumawafupikitsa moyo kwambiri makamaka aja a mu UPS.

Kwa a procurement ndi a bwana amene mumasaina, pamene mugula zatsopano laputopu imadya malaiti ochepa kwambiri kuposa kompyuta ya pa desiki ndipo ili kale ndi batire yake, load shedding ikafika munthu sataya zimene amalemba. Koma musataye makina amene akugwira nchito chifukwa chofuna atsopano. Utsi wambiri wa laputopu pa moyo wake wonse umatuluka ku fakitale poipanga, isanafike nkomwe pa desiki lanu, ndiye kompyuta yochedwa mukaiikira SSD (disk yothamanga yosungira mafaelo) ndi kuonjezera RAM (memory yogwirira nchito) nkugwiranso zaka zina mwapulumutsa ndalama ya boma ndi mpweya womwe. Vuto limene lilipo ndi loti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025 ndipo makina ena akale sakwanitsa Windows 11, ndiye amenewo musawasiye pa ma system a ndalama kapena a odwala, kambiranani ndi a ICT, ena angaikidwe Linux m'malo mwa Windows nkumagwira nchito yolemba makalata kapena yophunzitsira.

Makina amene afiratu asaunjikidwe ku stores mpaka denga kudontha pamwamba pake, ndi katundu wa boma, itanitsani board of survey, komiti yoona katundu wa boma wotha nchito, achotsedwe m'mabuku mwa dongosolo. Hard disk ichotsedwe kapena ifufutidwe kaye chifukwa muli maina, manambala a NRC ndi matenda a anthu, ndipo lamulo loteteza mbiri za anthu la Data Protection Act la 2021 limatimanga tonse pa zimenezi. Mabatire a UPS ali ndi mtovu ndi asidi, ife a Zambia tikudziwa zimene mtovu wachita kwa ana a ku Kabwe ngakhale mgodi unatsekedwa mu 1994, ndiye asapite ku dzenje la zinyalala kuseri kwa ofesi kapena kupatsidwa kwa anyamata oti akaphwanye. Mawaya asatenthedwe pofuna kopa. Funsani a ZEMA, bungwe loona za chilengedwe, akuuzeni amene ali ndi laisensi yotenga zinyalala za makina amagetsi, ndipo ngati ofesi yanu ili ndi zochepa, gwirizanani ndi maofesi ena a m'boma lanu musonkhanitse pamodzi galimoto inyamule ulendo umodzi.