Katemera wa fuluwenza kwa odwala khansa ndi amene amawasamalira

M'chiyankhulo chathu, mawu akuti chimfine amanyamula matenda ambiri, kuyambira kamamina ka masiku awiri mpaka matenda ogoneka munthu wamphamvu pamphasa kwa mlungu wathunthu, ndipo n'chifukwa chake mabanja ambiri amene akusamalira wodwala khansa sachita mantha wina akayamba kuyetsemula m'nyumba. Fuluwenza ndi yosiyana ndi chimfine chawamba. Imagwira mwadzidzidzi, thupi limatentha kwambiri, mutu ndi mfundo zimaphwanya, pamabwera chifuwa chouma, ndipo munthu amafooka mwakuti ngakhale kudzuka kukamwa madzi kumamuvuta. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pakati pa 3 miliyoni ndi 5 miliyoni amadwala matendawa mwakayakaya, ndipo pakati pa 290,000 ndi 650,000 amamwalira chifukwa cha mavuto a kupuma amene matendawa amabweretsa.

Wodwala khansa ali m'gulu la anthu amene fuluwenza imawazunza koposa. Mankhwala a khansa otchedwa kemo amapha maselo amene amachulukana mofulumira, ndipo pochita zimenezi sasiyanitsa bwinobwino pakati pa maselo a khansa ndi maselo a m'mafuta a m'mafupa amene amapanga asilikali a m'thupi. Kawirikawiri asilikaliwa amakhala atatsika kwambiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 wodwala atalandira diripi, nthawi imene amakhala atabwerera kale kunyumba ndipo akuoneka ngati wapezako bwino. Odwala khansa ya m'magazi ndi ya m'maanabere amakhala ndi chitetezo chofooka ngakhale asanayambe mankhwala, ndipo kuno kwathu ambiri mwa odwala khansa yapakhungu ya Kaposi ndi khansa ya khomo la chiberekero alinso ndi kachilombo ka HIV. Mwa anthu otere fuluwenza imatsikira msanga m'mapapo n'kusanduka chibayo. Pali vuto linanso limene achibale saliganizira: wodwala amene wafika ku Queens kapena ku Central ali ndi chifuwa komanso thupi likutentha sangapatsidwe kemo tsiku limenelo, choncho ndalama ya thiransipoti imene banja linachita kukongola imapita pachabe, ndipo ndondomeko ya mankhwala, imene imafuna kutsatidwa pa masiku ake, imasokonekera pamene khansayo ikupitiriza kukula.

Katemera woyenera wodwala khansa ndi wa jakisoni. M'katemerayu muli kachilombo kakufa kapena tizidutswa take chabe, motero sangapatse munthu fuluwenza ngakhale chitetezo chake chitatsika motani, ndipo salimbana ndi ma ARV. Pali katemera wina wopopera m'mphuno, amene ku Britain amaperekedwa kwa ana ambiri, ndipo iyeyu ali ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa. Wodwala khansa amene ali pa mankhwala asalandire wopoperayu, ndipo ngati m'nyumba muli munthu amene chitetezo chake chatsikiratu, monga amene wangoikidwa kumene maselo atsopano a m'mafupa, makolo auze achipatala kuti ana a m'nyumbamo apatsidwe wa jakisoni.

Thupi limatenga pafupifupi milungu iwiri kuti lipange chitetezo munthu akabayitsa. Pa chifukwa chimenechi, nthawi yabwino koposa ndi milungu iwiri kapena kupitirira apo wodwala asanayambe kemo. Ngati mankhwala anayambika kale, katemera amaperekedwabe, ndipo dokotala wa khansa ndi amene asankhe tsiku poona zotsatira za magazi. Kudikirira mpaka mankhwala onse atatha kungachititse wodwala kudutsa nyengo yonse ya matendawa wopanda chomuteteza. Amene akulandira mankhwala otchedwa rituximab, omwe amagwiritsidwa ntchito pa khansa zina za m'maanabere, matupi awo sapanga chitetezo chokwanira kwa miyezi pafupifupi 6 atamaliza mankhwalawo, choncho nkhani yawo iyenera kukambidwa payokha ndi dokotala. Katemerayu ndi wa chaka chilichonse, popeza kachilombo ka fuluwenza kamasinthasintha, ndipo WHO imalengeza mitundu yofunika kuikidwa m'katemera kawiri pa chaka, mu February kwa mayiko a kumpoto kwa dziko lapansi ndi mu September kwa mayiko a kummwera. Abale athu amene ali ku South Africa amabayitsa cha mu March kapena April nyengo yozizira isanafike, pamene a ku Britain amabayitsa cha mu October, ndipo kumeneko a bungwe la boma loona zaumoyo la NHS amapereka katemerayu mwaulere kwa anthu a chitetezo chofooka pamodzi ndi amene amakhala nawo nyumba imodzi. M'mayiko otentha ngati lathu lino, fuluwenza ikhoza kupezeka mwezi uliwonse.

Tsopano ndifike pa mfundo imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonsezi. Katemera amagwira ntchito podzutsa asilikali a m'thupi, ndiye ngati asilikaliwo achepa, chitetezo chimene wodwala amapeza chimakhalanso chocheperako poyerekeza ndi cha munthu wathanzi. Chimathandiza ndithu, makamaka pochepetsa ukali wa matenda, koma pachokha sichikwana. Mpata wotsalawo amautseka ndi gadiyani. Taganizirani mmene gadiyani amakhalira ndi wodwala wake: amamudzutsa pomugwira m'khwapa nkhope zitayandikana, amauzira phala pa supuni asanamudyetse, amamusambitsa, ndipo usiku amayala chitenje pansi pafupi ndi bedi n'kugona pomwepo. Gadiyani yemweyo ndi amene amakwera minibasi yodzaza kukatenga ufa kunyumba, amapita kumsika kukagula ndiwo, ndipo amaphika pa mafuwa oyandikana ndi magadiyani anzake ochokera m'maboma osiyanasiyana. Munthu akatenga kachilombo ka fuluwenza amatha kuyamba kupatsira ena tsiku limodzi asanamve chilichonse m'thupi, n'kupitiriza kwa masiku 5 mpaka 7. Kunena kuti "ndikadwala ndidzatalikirana nawo" sikuthandiza kwenikweni, chifukwa pamene mayi akuyamba kumva mutu amakhala atadyetsa kale mwamuna wake katatu.

Choncho amene ayenera kubayitsa ndi gadiyani wamkulu, wina amene amamulandira akatopa, mkazi kapena mwamuna wa wodwalayo, wantchito wa pakhomo ngati alipo, komanso ana ndi zidzukulu, popeza ana a sukulu ndi amene kawirikawiri amabweretsa matendawa m'nyumba. Mwana wosakwana miyezi 6 sabayidwa, ndipo mwana wosakwana zaka 9 amene akulandira koyamba amafunika kubayidwa kawiri motalikirana milungu inayi. Amayi oyembekezera akhoza kulandira wa jakisoniyu mosavuta. Katemera wa fuluwenza sali m'gulu la akatemera amene ana amalandira ku sikelo, ndiye musadikire kuti wina akuuzani. Funsani nokha ku kiliniki ya khansa kuti mungamupeze kuti, ndipo ngati ndalama zikukwanira anthu awiri okha, yambani ndi wodwalayo ndi munthu amene amagona naye chipinda chimodzi.

Kuzonda odwala ndi mwambo wabwino, ndipo wodwala khansa amalimba mtima akaona amayi a mumpingo atabwera ndi nyimbo ndi kaufa. Komabe mwini khomo asachite manyazi kupempha mwaulemu kuti amene ali ndi chifuwa kapena chimfine abwere tsiku lina, kuti alendo asambe m'manja ndi sopo asanapereke moni, komanso kuti macheza achitikire pakhonde kapena m'chipinda chotsegula mazenera.

Pa tsiku lobayitsa, nyamulani buku lanu la kuchipatala ndipo muuze namwino mankhwala amene mukulandira ndi tsiku limene munalandira diripi yomaliza. Mayi amene anachitidwa opaleshoni ya bere n'kuchotsedwa anabere a m'khwapa abayidwe pa mkono wa mbali inayo. Amene magazi ake sachedwa kutuluka kapena amachedwa kuundana anene, kuti namwino aone zotsatira za magazi ndi kupsinja pobayapo kwa nthawi yotalikirapo. Amene anadwalapo moopsa atalandira katemera wa fuluwenza m'mbuyomu anenenso asanabayidwe. Mkono ukhoza kupweteka ndipo thupi likhoza kuphwanya pang'ono kwa tsiku limodzi kapena awiri.

Ngakhale banja lonse litabayitsa, m'nyumba muzikhala choyezera kutentha kwa thupi. Wodwala amene ali pa kemo akatentha kufika madigiri 38, kapena akayamba kunjenjemera ndi kubanika, apite kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, kaya anabayidwa katemera dzulo lake. Chizolowezi chathu choganiza kuti ndi malungo n'kugula Panado pa okala n'choopsa kwa munthu ameneyu, chifukwa Panado amabisa kutentha pamene matenda akulowerera m'magazi, ndipo mwa munthu wopanda asilikali okwanira zimenezi zimachitika m'maola ochepa. Mukafika, mawu oyamba kwa namwino akhale akuti wodwalayo ali pa kemo, kuti asaikidwe pa mzere wautali. Achipatala adzayeza malungo ndi kuchuluka kwa asilikali, ndipo ngati akukayikira fuluwenza, pali mankhwala otchedwa oseltamivir amene amagwira bwino ntchito akayambidwa pasanathe maola 48 zizindikiro zitayamba.