Mapangidwe a gitala ya chigubu yoti ilire bwino, ndi machunidwe ake

Kuno kwathu ku Salima ukangotulukira ndi gitala yopanga wekha, usanaikhudze n'komwe nsambo anyamata ayamba kale. Wina amvekere aise mafutawo munatsanula kapena akadali momwemo tikazingire usipa, wina amvekere imeneyo ikalira achule onse a m'mipunga ya ku Lifuwu ayankha. Pali mdala wina amakhala nafe madzulo pansi pa mtengo wa nimu chakufupi ndi Kamuzu Road, iyeyo ukamamupatsa gitala amayamba waigwedeza kaye pafupi ndi khutu ati akufuna amve ngati mulibe mphemvu zoimba bezi. Timaseka ndithu, ndipo nthabwala zimenezi ine ndimazikonda chifukwa ndi zomwe zimapangitsa mwana wa zaka 14 kubwerera kunyumba kukakonzanso gitala yake mpaka ilire. Koma chomwe ndaona pa zaka zonsezi ndi choti gitala imene imasekedwa mpaka kalekale vuto silikhala chigubu ayi, vuto limakhala muyeso. Munthu wakhoma mafreti, tizitsulo topingasa pakhosi la gitala tija timadinapo nsambo, mongoyerekeza ndi maso, ndiye olo achune mpaka nkhuku zilowe, akangodina kodi imodzi, kutanthauza nsambo zingapo zolira pamodzi, zonse zimabalalika. Ndiye ndati ndilembe mmene timapangira ife, makamaka mbali ya muyesoyo.

Yambani ndi chigubu. Chikhale chachitsulo, cha malita 5, chija cha makona anayi cha oyilo wa galimoto kapena cha mafuta ophikira. Chapulasitiki chimameza mawu, musavutike nacho. Musanagule chigogodeni ndi chala pamimba pake, chikamveka kuti ngwee chili bho, chikangoti phu ndiye kuti chinaphwanyika kapena dzimbiri linadya. Chitsukeni ndi madzi otentha ndi sopo kangapo, muchiyanike chotsegula tsiku lonse. Apa ndikupemphani achimwene, chigubu chimene munali petulo kapena mankhwala a thonje chisiyeni, osachiboola ndi chitsulo chamoto, mpweya wotsalira mkatimo umaphulika.

Khosi lake mufune thabwa louma bwinobwino, lowongoka, lotalika pafupifupi mita imodzi, m'lifupi masentimita 4 kapena 5. Mlombwa ndi mbawa ndi zabwino kwambiri ngati mwapeza chidutswa chotsala kwa akalipentala, malaina nayenso amagwira bola akhale wouma. Bulugama wamuwisi ayi, ameneyo pakatha milungu iwiri amapindika ngati uta ndiye anzanu ayamba kukufunsani kuti mivi yake ili kuti tikasake mbira. Liyang'aneni thabwalo ndi diso limodzi kuchokera kunsonga ngati mukuyang'ana mzere wa njerwa.

Thabwalo lidutse mkati mwa chigubu, lilowe mbali iyi litulukire mbali inayo ndi kamchira ka masentimita ngati 3 komwe mudzamangirire nsambo. Chifukwa chake n'chakuti mphamvu yonse ya nsambo zokokedwa iyenera kunyamulidwa ndi thabwa, chigubu pachokha sichingapirire, chimakhwinyata. Ndipo gawo la thabwa limene lili mkatimo mulisepe pamwamba pake mamilimita ngati 5 kuti lisagunde nkhope ya chigubu, ligwire kumapeto kokha. Anthu ambiri apa amaphonya, amakhomerera nkhope yonse ku thabwa ndi misomali kenako n'kumadabwa kuti gitala ikungonong'ona. Nkhopeyo ndi imene imanjenjemera n'kutulutsa mawu, ndiye isiyeni ipume. Boolani timabowo totulukira mawu pambali, ndi msomali waukulu kapena dirilo, osati pomwe padzakhale mlatho, kamtengo konyamula nsambo pankhopepo, ndipo m'mphepete monse mwadula mupalepo ndi fayelo chifukwa lata imacheka moipa.

Tsopano tifike pa muyeso, apa ndichedwapo.

Nsambo imagona pa zinthu ziwiri, kamtsamiro, komwe ndi kamtengo kopingasa kumutu kwa khosi, ndi mlatho umene umakhala pachigubu. Mtunda wa pakati pa ziwirizi ndi umene umalamula chilichonse. Magitala a nsambo za nayiloni a m'shopu ambiri amakhala masentimita 65, gitala ya magetsi ya Fender Stratocaster ndi mainchi 25.5, ife pa chigubu timakonda 60 chifukwa zala sizivutika ndiponso masamu ake ndi ophweka. Lamulo lake ndi ili, mtunda wonsewo mugawe ndi 17.817, yankho lake ndi pomwe pakhale freti yoyamba. Kenako zomwe zatsala mugawenso ndi 17.817 yemweyo, mupeza mtunda wochokera pa yoyamba kukafika pa yachiwiri, choncho choncho mpaka mutope. N'chifukwa chake mafreti amanka nayandikana mukamatsikira ku chigubu, sakhala otalikirana mofanana ngati mizere ya chimanga. Ndakuwerengerani kale za masentimita 60, zonse muyeze kuchokera pa kamtsamiro, osati kuchokera pa freti inzake chifukwa kulakwitsa kwa milimita imodzi kumanka kukuwunjikana. Yoyamba 3.4, yachiwiri 6.5, yachitatu 9.5, yachinayi 12.4, yachisanu 15.1, kenako 17.6, 20.0, 22.2, 24.3, 26.3, 28.2, ndipo ya nambala 12 ikhale pa 30 ndendende. Taonani ya 12 ija, ili pakatikati penipeni pa nsambo, ndipo izi ndi zoona pa gitala ina iliyonse padziko, kaya ya mamiliyoni kaya ya chigubu. Ngati zina zonsezi muiwala, iyi yokha musaiwale.

Chaka chatha kunabwera mnyamata wina wochokera chaku Chipoka ndi gitala yokongola kwambiri, anaipenta mpaka anajambulapo chambo pachigubu, koma mafreti anawaika motalikirana zala ziwiri ziwiri kuyambira kumutu mpaka pansi. Nsambo zosadina zimalira bwinobwino, atangodina mdala uja anavula chipewa n'kuchigwira pamtima amvekere pepani anafe, sitinamve uthenga. Mnyamatayo anaseka nawo koma ndinaona kuti zamukhudza, ndiye tinakhala naye pansi ndi tepi ya telala ndi pensulo, tinazula mafreti onse n'kuikanso. Linali dzuwa limodzi lokha basi. Pano gitala yomweyo amaimbira kwaya kutchalitchi kwawo.

Mafretiwo timapangira masipoko a njinga, ndipo ndi kuchuluka kwa makabaza kuno masipoko othyoka sasowa, pitani kwa okonza njinga mukapemphe. Dulani ndi pulayasi molingana ndi m'lifupi mwa khosi, chekani kamzere kosaya ndi sowo ya zitsulo pomwe mwalemba, gonekani sipoko mmenemo ndi guluu wa supa. Mukamaliza gonekani lula yachitsulo pamwamba pa onse, ngati ikugwedera ndiye kuti ina yatukuka, ipaleni mpaka zifanane apo ayi izidzangoti zzz ngati njuchi yalowa m'botolo. Nsonga zake muzipalenso zisakung'ambeni chikhatho.

Kamtsamiro ndi mlatho pangirani nsungwi youma, mtengo wolimba kapena fupa la ng'ombe. Mlathowo musaumate ndi guluu, ungokhala wopanikizidwa ndi nsambo, muona chifukwa chake. Kutalika kwake kukhale koti pa freti ya 12 pakati pa nsambo ndi freti pazilowa timitengo tiwiri ta machesi tosanjikiza, kupitirira apo zala zimatupa ndipo mawu amakwera mukadina.

Za nsambo pali magulu awiri ndipo amakangana tsiku lililonse. A waya amamasula chingwe cha buleki ya njinga n'kutenga kawaya kamodzikamodzi, kamalira mokweza ndithu moti pa msika amakumva. A twaini, makamaka anyamata a ku Senga Bay, amagwiritsa ntchito chingwe cha mbedza, ndipo a waya amawanena kuti gitala zawo zikamva fungo la nyanja zimafuna kukawedza. Kwa woyamba kumene ine ndimati yambani ndi chingwe cha mbedza, sichipweteka zala, sichichita dzimbiri ndi chinyontho cha kunyanjaku, komanso chimapezeka cha makulidwe osiyanasiyana pomwe waya wa buleki yense ndi wofanana. Pa nsambo zinayi tengani cha mamilimita 0.7 ikhale yoyamba ya pansi, 0.8 yachiwiri, 1.0 yachitatu, ndipo yachinayi mubwerezenso 0.7 ija. Zokokera zake mukhoza kusema timitengo tosongoka pang'ono tolowa mothina m'mabowo a kumutu, tikamaterera pakani choko cha kusukulu, tikamakanirira pakani sopo wouma pang'ono. Amene ali ndi kangachepe agule makiyi a gitala yakufa, amachepetsa mavuto ambiri.

Kuchuna tsopano. Gitala ya nsambo 6 imachunidwa E A D G B E kuyambira ku chinsambo chachikulu chija timachitcha agogo mpaka ku kamwana ka pansi. Yathu ya zinayi timatenga zinayi za pansizo, D G B E, ubwino wake ndi woti makodi amene muphunzire pano mukadzagwira gitala ya m'shopu zala zidzakhala zikudziwa kale njira. Kusiyana kwake n'kwakuti D wathu ndi wokwera, wa mawu aang'ono, chifukwa D wotsika amafuna nsambo yokulungidwa ndi waya ndipo twaini wonenepa amangoti bu bu osamveka.

Ngati muli ndi foni ikani pulogalamu yochunira ya GuitarTuna kapena ina yotere, zimakuuzani kuti kwezani kapena tsitsani. Koma foni imatha moto, ndipo pagulu pali phokoso imasokonezeka, ndiye khutu liphunzire. Kokani nsambo yachitatu mpaka ilimbe mosakuopsani, imeneyo ndiye G wanu. Idineni pa freti 4, mawu amenewo ndi amene yachiwiri iyenera kutulutsa yosadina. Yachiwiriyo idineni pa freti 5, mupeza mawu a yoyamba. Idineninso yachiwiri yomweyo pa freti 3, amenewo ndi mawu a yachinayi. Mukamaliza ziwiri pamodzi mvetserani bwino, zikakhala kuti zatsala pang'ono kufanana mumamva kugwedera kuti wawawawa, mukamayandikira kumachedwa kuti waa waa, zikafanana kumatheratu n'kukhala mawu amodzi osalala. Tsiku loyamba kumva zimenezi ndi khutu lako umasangalala ngati wapeza ndalama m'thumba la buluku lakale.

Nthawi zonse fikani pa mawu mukukweza. Mukapitirira, tsitsani pansi ndithu kenako muyambenso kukwera pang'onopang'ono, mukafika potsitsa nsambo imatsala yolefuka pa chokokera ndipo pakati pa nyimbo imatsika yokha. Ndipo nkhope muziika kumbali pokoka, makamaka a waya inu, waya akaduka amakwapula ndipo diso silimera lina.

Kenako mlatho uja. Lizani nsambo yosadina, kenako idineni pa freti 12, akhale mawu omwewo koma aang'ono, ngati bambo ndi mwana akuimba mzere umodzi. Ngati wodinayo wakwera kupitirira, kankhirani mlatho kumbuyo chakumchira mamilimita awiri kapena atatu, ngati watsika ubweretseni chakukhosi, chunaninso muyesenso. Kawirikawiri umakathera kumbuyo pang'ono kupitirira pa 60 paja chifukwa kudina kumakoka nsambo, ndipo mbali ya nsambo yonenepa imafuna kubwerera kwambiri. Mukapeza malo ake lembani ndi msomali pachigubu kuti ana akaugwetsa musayambirenso.

Twaini watsopano amatamuka kwa masiku angapo, ndiye musakhumudwe mukachuna bwinobwino n'kupeza kuti mmene mumamwa tiyi yatsika kale. Ikokeni nsambo iliyonse m'mwamba pang'ono ndi chala, chunaninso, kangapo patsiku, pakutha pa mlungu imakhazikika. Kuno ndi kotentha, Okutobala ndi Novembala chigubu chikakhala padzuwa chimaotcha ngati chiwaya, ndipo nthawi ya mvula thabwa limamwa chinyontho, zonsezi zimasuntha mawu. Ndiye mawu aja akuti koma ndinachuna dzulo, amene mdala uja amayankha kuti nsimanso munadya dzulo bwanji lero mukufuna ina, musamawanene. Chunani nthawi iliyonse mwainyamula, ndipo muziipachika m'nyumba pamthunzi, osati kutsamiritsa pakhoma la khitchini pafupi ndi moto.

Kuti muyese ngati ntchito yatheka gwirani makodi atatu awa. G, dinani nsambo yoyamba pa freti 3 basi, zinazo zilire zosadina. C, yachiwiri pa freti 1 ndi yachinayi pa freti 2. D, yachitatu pa 2, yachiwiri pa 3, yoyamba pa 2. Ndi atatu amenewa nyimbo zambiri za kwaya ndi za paukwati mwazigwira kale. Ngati G akumveka bwino koma D akuwawa m'khutu, musalimbane ndi zokokera, tengani tepi muyezenso freti 2 ndi 3, ndipo muonenso ngati kamtsamiro sikanatalike kwambiri, pa freti yoyamba nsambo izingotsala pang'ono kugunda, mpata wongolowa kapepala kolimba ka paketi ya machesi. Kakatalika kapaleni pansi pake pa sandipepa pang'onopang'ono, mukuyesa, chifukwa mukapala mopitirira ndiye kusema kena.