Kapezedwe ka laisensi ya mfuti ku Joni

Amene muli ku Joni ndipo akuba akusowetsani mtendere mpaka mukuganiza zogula mfuti, dziwani kuti lamulo la Firearms Control Act la 2000 silimasewera. Choyamba mukhale ndi zaka 21 komanso mukhale nzika ya dzikolo kapena muli ndi permanent residence (chilolezo chokhazikika m'dzikomo), pepala la ntchito lokha ayi, ndiye ambirife tagwera pomwepa basi.

Ngati mapepala ali bhobho, yambani kosi ya kagwiritsidwe ka mfuti pasukulu yovomerezeka, kenako mukapemphe competency certificate (chiphaso chosonyeza kuti ndinu woyenera kukhala ndi mfuti) kupolisi ya SAPS, kumeneko amakudindani zala nkufufuza ngati munapezekapo olakwa pamlandu wa nkhanza, olo zomenya mkazi kunyumba zimawerengedwa, ndipo apa ine ndikuti achita bwino. Ikatuluka ndiye mupemphe laisensi ya mfuti yeniyeniyo, mulembe chifukwa chomveka, sefa yosungiramo ikhale yokhomedwa kukhoma kapena pansi. Mfuti yodzitetezera amalola imodzi yokha, laisensi yake imatha pakapita zaka 5, muyambe kuikonzanso kutatsala masiku 90 osachepera.

Mu 2021 boma linatulutsa bilu yofuna kuchotsa kudziteteza ngati chifukwa chopezera mfuti, eni mfuti anakalipa koopsa, mkanganowo ukadalipo ndiye muzifunsa kupolisi zomwe zasintha musanalipire kosi.