Msonkhano wa kalabu uzibala ntchito kumunda

Inu alimi otsogolera ndi apampando a makalabu, mwaonapo anthu akuwomba m'manja pamsonkhano, mvula n'kugwa popanda wokumba mayenje kapena kuwunjika manyowa. Musathamangire kunena kuti ndi aulesi. Munthu asanachite chinthu chachilendo amayamba wayang'ana anzake. Pali phunziro lotchedwa social psychology lomwe limafufuza zimenezi: momwe maganizo ndi zochita za munthu zimasinthira chifukwa cha anthu omuzungulira.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse nyama inachepa ku America, ndipo katswiri wa phunziroli, Kurt Lewin, ndi anzake anafuna kuti amayi aziphika zam'kati monga mitima ndi impso za ng'ombe, zomwe ambiri ankaziida. Amayi ena anangowaphunzitsa, iwo ali phee kumvetsera. Ena anawasiya akambirane okha zovuta zake, kenako aliyense n'kuimika mkono pamaso pa anzake ngati wasankha kukayesa. Mwa ongomvetsera aja anakaphika ndi 3 okha pa 100 alionse, pomwe mwa okambirana anali 32.

Choncho chepetsani kulalikira. Fotokozani mwachidule, kenako funsani kuti, "Chingatilepheretse n'chiyani?" Wina anene za msana, wina za kusowa kwa ndowe, anzawo awayankhe. Pomaliza aliyense atchule yekha malo omwe ayesepo, ngakhale mizere isanu.

Koma samalani ndi "eya" wa pagulu. Mu 1951 katswiri wina, Solomon Asch, anaonetsa anthu mizere yojambulidwa n'kuwafunsa kuti yofanana kutalika ndi iti. Gulu lomwe anapangana nalo mwachinsinsi likapereka dala yankho lolakwika, anthu atatu mwa anayi alionse ankatsatira gululo ngakhale kamodzi, maso awo akuona zina. Pakapezeka mmodzi yekha wonena zoona, kutsatirako kunkachepa kwambiri. Kwathu kuno a mfumu akayankhula, ndani angatsutse? Ndi ulemu wabwino ndithu, koma umabisa maganizo. Apempheni mwaulemu kuti iwo adzamange mfundo kumapeto, amayi ndi achinyamata ayambe. Wotsutsa woyamba muthokozeni, chifukwa wamasula pakamwa pa ambiri.

Za munda wa gulu, Max Ringelmann wa ku France anapeza kalekale kuti anthu akamakoka chingwe ali ambiri, aliyense amachepetsa mphamvu. Gawani mizere, mulembe m'kaundula kuti uwu ndi wa uje, ndipo tsiku loyendera mundawo lidziwike kwa onse musanabalalike.