Momwe mungasankhire AFSK kapena FSK ndi pulogalamu yoyenera ya RTTY

Ngati muli ndi layisensi ya amateur radio yochokera ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mauthenga ku Zambia, ndipo callsign yanu, dzina la siteshoni yanu pa wailesi, imayamba ndi 9J, dziwani kuti anzathu a ku Ulaya ndi ku Japan amakufunafunani, chifukwa masiteshoni a ku Zambia samveka kawirikawiri. RTTY, kutumiza zilembo zotayipa kudzera pa wailesi, ndi njira yabwino yowafikira. Chilembo chilichonse chimayenda ndi ma-bit 5 a kodi ya Baudot pa liwiro la 45.45 baud, ndipo wailesi imangosinthasintha pakati pa mafrikwensi awiri, mark ndi space, otalikirana ndi 170 Hz. Chimene muyenera kusankha n'chakuti kusinthasinthako azichita ndani: kompyuta (imeneyo ndi AFSK) kapena wailesi yeniyeniyo (imeneyo ndi FSK).

Yambani ndi wailesi imene muli nayo

Tsegulani buku lake muone ngati ili ndi mode ya RTTY komanso polowera FSK kumbuyo. Ngati ilibe, nkhani yatha, yanu ndi AFSK.

Mukasankha AFSK

Pano kompyuta imatulutsa mawu awiri, 2125 Hz ndi 2295 Hz, kudzera pa soundcard, ndipo wailesi imawatumiza ili pa LSB, mbali ya m'munsi ya mode yolankhulira ya SSB. Gwiritsani ntchito mawu okwerawa, osati otsika, chifukwa harmonic yawo yachiwiri imagwera kupitirira 4 kHz ndipo sefa ya SSB imaidula. Pakati pa kompyuta ndi wailesi ikani matransifoma awiri a 600 ohm, kapena kabokosi ngati SignaLink USB, kuti phokoso la magetsi lisalowe.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, choncho musathamange. Zimitsani speech compressor. Tsitsani voliyumu ya kompyuta mpaka pansi, yambani kutumiza, kenako kwezani pang'onopang'ono mukuyang'ana mita ya ALC pa wailesi, imene imaonetsa mawu akayamba kupitirira muyeso. Ikangoyamba kugwedezeka, bwererani pang'ono. Mukapitirira pamenepo signal yanu imafalikira m'mbali n'kumasokoneza ena, inu osadziwa n'komwe. Zimitsaninso timawu ta Windows, apo ayi kulira kwa uthenga wa WhatsApp kudzamveka pa bandi ya 20 mita (14 MHz).

Mukasankha FSK

Kompyuta imangotsegula ndi kutseka waya umodzi kudzera pa transistor kapena optocoupler, wailesi n'kumapanga yokha mark ndi space. Palibe voliyumu yoti muilondere. Phindu lenileni lili pomvetsera: mawailesi ambiri, makamaka akale, amakulolani kugwiritsa ntchito sefa yopapatiza ya 250 kapena 500 Hz pokhapokha muli pa mode ya RTTY, ndipo pa mpikisano sefa imeneyi ndi imene imakupulumutsani.

Vuto ndi malaputopu a masiku ano, amene alibe COM port. Tizingwe tambiri ta USB to serial timene mungagule m'mashopu a m'tauni sitikwanitsa 45.45 baud ndi ma-bit 5. Njira zozembera zilipo ziwiri. Yoyamba ndi EXTFSK mu pulogalamu ya MMTTY, imene imayendetsa waya wa DTR kapena RTS wa pa chingwecho, koma nthawi imawerengedwa ndi kompyuta, ndiye kompyuta ikatanganidwa zilembo zimasokonekera. Yachiwiri, imene ndimaikhulupirira kwambiri, ndi TinyFSK pa ka Arduino kotsika mtengo. Amene ali ndi Icom IC-7300 atha kuchita njira zonse ziwiri ndi chingwe chimodzi cha USB.

Langizo langa n'lakuti yambani ndi AFSK. Ikakonzedwa bwino, amene ali kutsidya sangasiyanitse. FSK idzabwere mpikisano ukayamba kukukomerani.

Pulogalamu

Pomvetsera, njira zonse ziwiri zimadalira soundcard, choncho pulogalamu ndi imene imawerenga. MMTTY, yolembedwa ndi Makoto Mori, JE3HHT, ndi yaulere, ya pa Windows, ndipo ndi poyambira pabwino. 2Tone ya G3YYD imawerenga bwino signal imene ikuzimirira n'kubwereranso, zomwe zimachitika kwambiri pa mtunda wautali ngati wathu. Ambiri amayendetsa ziwirizi limodzi mkati mwa N1MM Logger+, pulogalamu yolembera masiteshoni amene mwalumikizana nawo pa mpikisano, kuti chimene imodzi yaphonya inayo igwire. Amene ali pa Linux kapena Mac atenge fldigi ya W1HKJ, imenenso ili ndi ma-mode ena monga PSK31 ndi Olivia.

Tsitsani mphamvu

Pa RTTY wailesi imatulutsa mphamvu yonse osapuma nthawi yonse imene mukutumiza. Ya 100 W ikeni pa 40 kapena 50 W, makamaka m'kutentha kwa mu October. Malaiti akapita ndipo muli pa batire, zimenezi zikupatsaninso nthawi yaitali. Phokoso likachuluka pa bandi, zimitsani kaye inverter ya sola muone ngati silikuchokera m'nyumba mwanu momwemo.

Mvetserani musanaitane

Pitani pakati pa 14.080 ndi 14.100 MHz. Mawu akamamveka bwino koma pa skirini pakutuluka zopanda mutu, dinani REV, chifukwa mark ndi space zatembenuzika. Mukaona TOO m'malo mwa lipoti la signal la 599, chizindikiro cha FIGS, chimene chimasintha zilembo kukhala manambala, chasowa m'njira, ndipo mu Baudot T ndi 5, O ndi 9. Nthawi yabwino yoyesera zonsezi ndi mpikisano wa CQ WW RTTY, chakumapeto kwa September. Zimene mumatumiza ndi lipoti ndi zone, nambala ya dera lanu pa dziko lonse, ndipo Zambia ili mu zone 36. Konzerani macro yake, uthenga wotumiza ndi batani limodzi, pasadakhale: callsign ya mnzanuyo, kenako 599 36 36.