Foda ikamatsegula pulogalamu ina, musathamangire kufomata

Mwadina kawiri pa foda ya malipoti a ana a sukulu, koma m'malo moona mafayilo anu mwangoona pulogalamu ina yatseguka, kapena kabokosi kakuda kathwanima n'kuzimiririka. Ambiri zikafika pamenepa amamanga kompyuta pa njinga kupita nayo kwa okonza, ndipo kumeneko mawu oyamba amakhala akuti tifomate, kutanthauza kufufuta zonse za mu kompyutamo. Dikirani kaye. Kawirikawiri mafayilo anu alipo onse. Mwina chasokonekera ndi lamulo lomwe kompyuta imatsatira posankha pulogalamu yotsegulira foda, mwinanso chomwe mukudinacho si foda n'komwe.

Yambani ndi chachiwirichi, chifukwa ndicho chimatisautsa kwathu kuno komwe fulashi imodzi imalowa kosindikizira mapepala m'mawa, kokopera nyimbo masana, madzulo n'kudzagona mu kompyuta ya ku ofesi. Pali mavairasi omwe amabisa mafoda enieni pa fulashi, n'kuika m'malo mwake tinthu tovala chithunzi cha foda ndi dzina lomwelo. Yang'anitsitsani kachithunziko. Ngati pakona yakumunsi kumanzere pali kamuvi kopindika, imeneyo ndi shortcut, kanjira kachidule kongolozera ku chinthu china. Pa Windows, mu File Explorer (pulogalamu yoonera mafoda) sankhani View kenako Details, muwerenge zomwe zili pansi pa Type. Foda yeniyeni imalembedwa File folder. Pakalembedwa Shortcut kapena Application, chotsani dzanja pa mausi, poti kudina kulikonse n'kudzutsa vairasiyo. Mu View momwemo chonganinso pa File name extensions, mudzadabwa kuona kuti foda yomwe mumaidziwa kuti Zithunzi dzina lake lonse ndi Zithunzi.exe.

Zikatero, yambani mwasesa kompyuta yonse ndi Microsoft Defender kapena antivayirasi ina yomwe muli nayo, osati fulashi yokha. Kuthira mankhwala thumba limodzi nkhokwe yonse ili ndi anankafumbwe n'kutaya nthawi. Mukatha, tsegulani Command Prompt, kabokosi kakuda kolembamo malamulo, mulembe kuti:

attrib -h -r -s /s /d E:\*.*

Pamene pali E ikanipo chilembo cha fulashi yanu, chomwe mungachione mu This PC. Mafoda anu obisidwa aja adzaonekera. Atsegulenitu muone kuti zonse zilimo, kenako fufutani mashortcut ndi ma .exe onamizira aja.

Nanga ngati pa Type palembedwa File folder ndithu? Apo ndiye kuti lamulo lija lasinthidwa. Izi zimachitika mukaika pulogalamu yomwe imadziwonjezera pa mndandanda wa batani lakumanja la mausi, kapena mukaichotsa mosalongosoka. Musavutike ndi Default apps ya mu Settings. Imathandiza pa mafayilo monga PDF ndi nyimbo, koma mafoda mulibemo. Njira yosaopsa ndi System Restore: bwezerani kompyuta pa tsiku lomwe zinthu zinali bwino, zolemba zanu ndi zithunzi sizikhudzidwa.

Ngati System Restore sinayatsidwe, ndipo m'makompyuta ambiri ogula kale imakhala yozimitsa, mulowa mu registry, momwe Windows imasungira malamulo ake. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe regedit. Pitani pa HKEY_CLASSES_ROOT, kenako Directory, kenako shell. Musanakhudze kanthu, dinani ndi batani lakumanja pa shell musankhe Export, kafayiloko mukasunge poonekera kuti mukalakwitsa mubwerere. Kumanja kwa sikirini kuli mzere wolembedwa Default, ndipo kutsogolo kwake payenera kulembedwa none. Mukapeza mawu ena, monga cmd kapena dzina la pulogalamu yomwe yakhala ikutseguka ija, dinani kawiri, fufutani, lembani none m'zilembo zazing'ono. Ngati chovuta chikuchitikanso potsegula C: kapena D:, chitani chimodzimodzi pa Drive kenako shell. Kwina konse m'menemo musagwire. Ine sindilola wophunzira kulowa mu registry ali yekha tsiku loyamba, pakhale wina pambali wowerenga naye chilembo ndi chilembo.

Amene muli pa Ubuntu kapena Linux Mint nkhani yanu ndi yosavuta. Ku Linux foda imatengedwa ngati mtundu wa fayilo, dzina lake inode/directory, ndipo pulogalamu iliyonse ikhoza kulengeza kuti imatha kutsegula mtundu umenewu. Mwachitsanzo, Disk Usage Analyzer imatero. Ndiye mupeza kuti m'kati mwa Files, pulogalamu yoonera mafoda, zonse zikuyenda bwino, koma pulogalamu ina ikati ikuonetseni komwe yasunga fayilo, kukutseguka zina. Tsegulani Terminal, kabokosi kolembamo malamulo, mufunse:

xdg-mime query default inode/directory

Iyankha ndi dzina la pulogalamu yomwe yalanda mpando. Pa Ubuntu bwezeretsani mwini wake motere:

xdg-mime default org.gnome.Nautilus.desktop inode/directory

Pa Linux Mint ya Cinnamon lembani nemo.desktop m'malo mwa org.gnome.Nautilus.desktop, pa Xfce thunar.desktop, pa KDE org.kde.dolphin.desktop. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono zilembeni momwe zililimu, Linux sikhululuka pamenepo. Ndipo musaike sudo patsogolo monga ena anazolowera pa lamulo lililonse. Mukatero mwakonzera root, akaunti ya woyang'anira kompyuta yonse, pomwe inu mwatsala ndi vuto lanu lomwe lija. Zomwe mwasinthazi zimalembedwa mu kafayilo ka mimeapps.list, mu foda yobisika ya .config, yomwe imaoneka mukadina Ctrl ndi H. Pa kompyuta yomwe ogwiritsa ntchito ndi angapo, monga ya m'kalasi, aliyense ali ndi kafayilo kakekake, choncho mukonza pa akaunti iliyonse payokha.

Kuti mutsimikize, lembani xdg-open ~ mu Terminal momwemo. Pakatseguka foda yanu ya Home, mwamaliza. Zikadzabwerera mutaika pulogalamu yatsopano, mzere wake ndi womwewo.