Momwe mungatsatirire bilu m'dziko la nyumba za malamulo ziwiri

Kuno kwathu tinazolowera kuti aphungu akavomereza bilu ku City Centre, chimene chimatsala ndi siginecha ya Pulezidenti, yemwe amapatsidwa masiku 21 kuti asaine kapena aibweze. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anali atakonza zoti pakhalenso nyumba yachiwiri ya malamulo, Seneti ya anthu 80, kuphatikizapo mafumu, koma ndimezo zinachotsedwa mu 2001 nyumbayo isanakumanepo n'kamodzi komwe. Chizolowezi chimenechi n'chimene chimatisokoneza tikamatsatira mabilu a ku South Africa, omwe amakhudza abale athu ambiri okhala kumeneko.

Yambani ndi kusiyanitsa nyumba ziwiri za malamulo za ku South Africa. National Assembly ili ndi aphungu 400 ndipo amaitsogolera ndi Sipikala, pomwe National Council of Provinces, imene ambiri amangoti NCOP, ili ndi nthumwi 90, khumi kuchokera m'chigawo chilichonse mwa zigawo 9, ndipo ili ndi wapampando wakewake. Nduna ndi imene kawirikawiri imabweretsa bilu, komiti ya aphungu imaiunika ndime ndi ndime n'kumva maganizo a anthu, ndipo a Chief Whip amaonetsetsa kuti aphungu a chipani chawo alipo pa tsiku la voti.

Kenaka pezani bilu yeniyeniyo. Tsamba la pa intaneti la bungwe la Parliamentary Monitoring Group limaika mabilu ndi malipoti a makomiti, ndipo kuwerenga bilu n'kwaulere, kupatula bandulo yanu. Tsitsani PDF yokha, chifukwa makanema a misonkhano ya komiti amatha maola ambiri ndipo amameza bandulo ya mlungu wonse tsiku limodzi. Samalaninso ndi mapepala oyenda pa WhatsApp komanso a m'masteshonale ena. Steshonale ina ya ku Old Town inandisindikizira bilu ya inshuwalansi ya zaumoyo ya NHI, mwiniwake akunenetsa kuti ndi lamulo latsopano, chonsecho inali itangodutsa nyumba imodzi. Pa chikuto pamakhala nambala ya bilu. Ya NHI inayamba ngati B11 ya 2019, ndipo komiti itasintha zina inakhala B11B, choncho chilembo chakumapetocho ndicho chimakuuzani ngati pepala lanu ndi lakale.

Pamene pamafunika kufatsa kwenikweni ndi pa ndime ya malamulo oyendetsera dziko la South Africa imene biluyo yaikidwa, pakuti mphamvu za nyumba yachiwiri zimadalira pamenepo. Bilu yosakhudza zigawo imayenda pansi pa ndime 75. Apa nthumwi iliyonse ya NCOP imavota payokha, ndipo ngakhale nyumbayo itakana kapena kupempha kuti zina zisinthe, National Assembly ikhoza kuivomerezanso momwe inalili. Kunena zoona, pa mabilu otere NCOP imangolangiza. Bilu yokhudza zigawo, monga ya zaumoyo kapena maphunziro, imayenda pansi pa ndime 76, ndipo apa zinthu zimasinthiratu. Chigawo chilichonse chimakhala ndi voti imodzi yokha, nthumwi zake zimatsata zimene nyumba ya malamulo ya kuchigawo kwawo yawatuma, ndipo pamafunika zigawo zosachepera 5 kuti biluyo idutse. Nyumba ziwirizi zikapanda kumvana, nkhani imapita ku komiti yoyanjanitsa, ya aphungu 9 a National Assembly ndi nthumwi imodzi ya chigawo chilichonse. Komitiyo ikalephera pa masiku 30, bilu yomwe inayambira ku National Assembly imafa, pokhapokha aphungu awiri mwa atatu alionse ataivomerezanso.

NHI inali ya ndime 76. National Assembly inaivomereza mu June 2023, nthawi imene ndinagula mapepala aja, koma NCOP inavota mu December, zigawo 8 zikuvomereza ndipo Western Cape yokha ikukana. Miyezi yonse yapakatiyo biluyo inali m'manja mwa zigawo, kumene anthu ankaitanidwa kudzapereka maganizo awo, ndipo aliyense amene ankauza achibale ku Johannesburg kuti lamulo layamba kugwira ntchito ankawasocheretsa.

Zotsalazo n'zachidziwikire. Bilu ikadutsa nyumba zonse imapita kwa Pulezidenti, yemwe angaibweze ngati akukayikira kuti ikusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina NHI pa 15 May 2024. Mukatero yang'anani mu Government Gazette, chikalata cha boma cholengezera malamulo, tsiku loyambira, chifukwa malamulo ena amadikira chilengezo chapadera ngakhale atasainidwa. Njira yomweyi muigwiritsenso ntchito ku Kenya, kumene Seneti imayang'anira zokhudza zigawo 47 zotchedwa makaunti, komanso ku Britain, kumene nyumba yachiwiri ya House of Lords ikhoza kuchedwetsa bilu ya zachuma mwezi umodzi wokha.